Eda ya Abiti Saidi ndi makina a njerwa

Lachiwiri lapitali ndinakwera phiri. Musaganize kuti ndi miyendo, mawondo angawa anasiya kalekale kundimvera. Ndinakwera pa pikapu, nditafinyika pakati pa dalaivala ndi Mayi Namate, mkulu wa kabungwe kathu kothandiza anthu osauka kumanga nyumba zotsika mtengo kuno ku Zomba. Ine m'kabungwemo ndili m'komiti chabe. Anandisankha nditapuma ntchito m'boma, ati munthu wa imvi amabweretsa bata pamsonkhano. Sanadziwe kuti wa imviyo amasinzanso.

Inu amene munakwerapo phiri lathuli nyengo ya chiperoni mukudziwa mmene zimakhalira. Mumachoka m'tauni dzuwa likuwala bwinobwino, mukangokhota kangapo mwalowa m'nkhungu. Mitengo ya paini imangotulukira n'kuzimiriranso. Ogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu amaoneka manja okha atanyamula timbale. Ine zoterezi zimandilowetsa m'maloto ndili maso, moti Mayi Namate anachita kundigunda ndi chigongono kuti tafika.

Kumtundako kunali msonkhano wa mgwirizano wathu. Tilipo mabungwe atatu: ife a ku Zomba, anzathu a ku Machinga, ndi anzathu a ku Katete, m'dziko la Zambia. Aliyense payekha ndi wochepa mphamvu, sangamange ngakhale khitchini. A ku Katete ali ndi makina oumbira njerwa zosawotcha, zija za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Ndi chimakina chachitsulo chokhala ndi mkono wautali, munthu amathira dothi n'kukanikiza mkonowo, njerwa n'kutuluka yosalala. A ku Machinga ali ndi amisiri komanso njira yopezera malata. Ife tinapeza malo cha ku Mbedza. Makinawo alipo amodzi okha, ndiye amayenda moyendera: chilimwe chino ayambira kwa ife, kenako apite ku Machinga, mvula isanagwe abwerere kwawo.

Mgwirizanowu uli ndi lamulo limodzi limene tonse timalinyadira. Banja lofuna nyumba liumbe njerwa zake, bambo kapena mayi wa pabanjapo agwire yekha mkono wa makinawo. Kutuma waganyu ayi, kutuma mlamu ayi. Mabanja amathandizana ndithu, wina kusefa dothi, wina kutunga madzi, koma mwini nyumba azioneka pamenepo tsiku ndi tsiku, fumbi lili mbuu kumaso. Akalephera, nyumba ipite kwa banja lotsatira pamzere.

Lamuloli silinangobwera. A Tembo, mtsogoleri wa anzathu a ku Katete, anatifotokozera titangoyamba kumene kuti kwawoko nyumba zoyamba zinathera m'manja mwa anthu a mimba zawo. Ankatumiza aganyu kukaumba, nyumba itatha n'kuikamo alendi. Osauka aja anapezeka akuchita lendi m'nyumba zimene zinamangidwira iwo omwe. Titamva zimenezo tinaomba m'manja, lamulo n'kudutsa. Ndipo ndikunenetsa, ndi lamulo labwino.

Tinangoiwala kuti tili ku Zomba, kumene mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana makomo.

Titamwa tiyi, Mayi Namate anaimirira n'kunena kuti ali ndi nkhani yovuta. Mmodzi mwa anthu athu oumba njerwa anali Che Jafali, wa kabaza wa ku Chinamwali. Ine ndinkamudziwa, anandikwezapo kangapo pa njinga yake. Anali munthu woti akafika pachitunda amayamba kuimba, kuti wokwera asamve kuti akupuma mobanika. Ankaumba m'mawa, masana n'kukapalasa. Njerwa zake zitafika cha pakati anadwala masiku ochepa chabe, n'kutisiya. Wasiya mkazi, Abiti Saidi, ndi ana atatu.

Tsono Abiti ali pa eda. Kwa inu osadziwa, mayi wa Chisilamu akaferedwa mwamuna amakhala panyumba miyezi inayi ndi masiku angapo, osayendayenda, osasakanikirana ndi amuna achilendo. Pamalo athu omanga paja amuna ndiye ochuluka. Makina akunyamuka sabata yamawa, eda ya Abiti ikadali kutali kuti ithe.

Eni nyumba imene akukhalamo ndi anthu aulemu. Anena kuti sawagwedeza eda isanathe, koma ikangotha chipindacho akuchifuna, mwana wawo akukwatira. Amjomba awo a Abiti, ndiye kuti amalume, anena kale kuti adzabwera ndi matola kudzawatenga pamodzi ndi anawo, ulendo wa kumudzi cha ku Jali. Kumeneko Abiti anachokako ali mtsikana, munda wa amayi awo abale anagawana kalekale. Moyo wawo ndi wokazinga zitumbuwa pamsewu wa Chinamwali. Mwana wawo wamkulu ndi wamkazi, ali Sitandade 8 ndipo amakhoza. Kumudziko sukulu ili kutali, ndipo chimene chimatsatira mtsikana akasiya sukulu nonse mukuchidziwa.

Mayi Namate atakhala pansi, a Tembo anayankhula mofatsa, ndi Chinyanja chawo chija chokoka pang'ono.

"Amayi, chifundo tonse tili nacho. Koma tikangotsegula kamodzi, mawa wina adzati msana, wina adzati maliro a apongozi, mkuja aganyu adzadza pamakina. Ife tinaziona zimenezi, zinatiwawa. Komanso pamzerepo pali banja lina likudikira, nalonso silikugona pabwino."

Palibe anawatsutsa, chifukwa panalibe bodza pamenepo.

A Mussa, mtsogoleri wa a ku Machinga, iwo ndi Msilamu, ndiye maso onse anapita kwa iwo.

"Kunena zoona, pakagwa vuto lalikulu mayi wa pa eda amaloledwa kutuluka, ashehe ambiri amatero," anatero a Mussa. "Koma kupita kuchipatala ndi kwina, kukakhala tsiku lonse pakati pa amuna, lero ndi mawa, ndi kwinanso. Akuchimuna sangazimve, ndipo pakamwa pa anthu mukupadziwa. Nanga mwiniwakeyo akuti bwanji, Mayi?"

"Ndinapitako dzulo," anayankha Mayi Namate. "Akuti nyumba akuifuna ndi mtima wonse, koma ulemu womaliza wa mwamuna wawo saudula pakati."

M'chipindamo wina anali atasiya windo lotsegula, nkhungu n'kuyamba kulowa pang'onopang'ono, kudutsa pamwamba pa makapu a tiyi. Ine ndinanyamuka ngati ndikukatseka windolo, koma nditafikapo ndinangoima. Mphepo inang'amba nkhungu ija pang'ono, pansi patali n'kuoneka tauni yathu. Ndinaona madenga a Chinamwali atathinana, ena akuphethira ndi dzuwa, ena ofiira ndi dzimbiri, utsi ukukwera mwaulesi.

Ndinayamba kuona nyumba zimene kulibe. Ndinaziona zitandanda cha ku Mbedza, iliyonse ndi kakhonde kake, zitenje zitayanikidwa pachingwe, mwana akulemba pakhoma ndi khala popanda woti amuopseze kuti eni nyumba akubwera. Ndinaona mitengo ya zipatso itakula kuposa madenga, yodzala eni ake. Ndinamuonanso Che Jafali akukwera chitunda ndi njinga yake, akuimba, chitseko chatsopano atachimangirira kumbuyo.

Maloto amenewa ine ndakhala nawo kuyambira ndili mnyamata. Zaka zanga zonse za ntchito ndinakhala m'nyumba za eni. Tili ku Masongola, m'nyumba ya boma, mkazi wanga anadzala mtengo wa mapeyala kuseri kwa khitchini. Ankauthirira madzi otsukira mbale, kuutchingira ndi minga kuti mbuzi zisaudye. Anatisamutsa usanabereke. Kuyambira pamenepo ankangodzala mpiru ndi tomato, zoti tidye nyengo yomweyo. Lero ndikadutsa kumeneko ndimaona ana a anthu ena akugenda mapeyala aja, ndipo ndimakondwera nawo, koma mtima umandiwawa ndithu. Amene sanachitepo lendi sangamvetse kuti kukhoma msomali pakhoma popanda kupempha munthu ndi ufulu waukulu bwanji.

Nkhungu inatsekanso, tauni n'kuzimiririka. Ndili chiimire pawindo paja ndinadzifunsa funso limene ndikufunseninso inu, makamaka inu atsogoleri anzanga a mabungwe. Kodi n'chifukwa chiyani misonkhano yathu timakonda kukachitira paphiri?

Mudzati kuli bata, foni sizigwira bwino, munthu amaganiza mofatsa. Ndikuvomera. Koma paphiri madenga onse amaoneka ofanana. Simungadziwe kuti pansi pa denga ili pali namfedwa, pansi pa ilo pali mayi woyembekezera, pansi pa linalo pali bambo amene mwendo unathyoka. Lamulo lopangira kumtunda limatuluka laukhondo, lopanda fumbi. Likatsika likafika pa Chinamwali n'kukumana ndi Abiti Saidi, pamenepo ndiye timasowa mtengo wogwira.

Ndipo taonani chimene ambirife timachita tikafika pamenepo. Ena timakumbatira lamulo, n'kusamba m'manja kuti si ife, ndi anzathu akunja amene safuna. Dzina la anzathu a mgwirizano talisandutsa chobisalirapo. Ena timaliphwanya lamulolo mwakachetechete, anzathu osawauza, n'kumapemphera kuti asadzamve. Akadzamva chikhulupiriro chatha, makina sabweranso, mabanja onse otsala alira chifukwa cha chifundo chathu chobisa. Kodi njira ndi ziwiri zokhazi basi? Kodi utsogoleri ndi kusankha woti alire?

Ndili mkati moganiza choncho ndinamva mpando ukukhwekhwereza kumbuyo kwanga. Mayi Namate anaimiriranso.

"A Tembo, makinawa anachoka ku Katete pa lole. Anadutsa malire, anadutsa Mchinji, Lilongwe, Balaka, Liwonde, mpaka anafika kuno. Ndiye atope lero, pa Chinamwali pompa?"

A Tembo anavula magalasi.

"Mukuti tiwachotse pamalo omanga?"

"Ndikuti tiwatengere kuseri kwa nyumba ya Abiti. Kuli mpanda wa bango, eni nyumba ndikawapempha. Mkono wa makina agwire okha Abiti, lamulo lanu likhale momwemo. Owathandiza akhale amayi okhaokha a m'gulu lathu, amuna azithera pachipata. Koma masiku athu atha, ndiye ndikupempha masiku a anzathu a ku Machinga."

Apa ndiye nkhani inalimba. A Mussa anayang'ana m'kapu mwawo.

"Masiku amenewo achoka kwa anthu anga," anatero. "Kwathunso kuli amasiye, ndipo mvula siidikira munthu. Makina akachedwa, alipo wina amene njerwa zake zidzanyowa zisanaume."

"Ndikudziwa, achimwene."

"Mlongo wanga anakhalapo pa eda, ndikudziwa mmene nyumba imakhalira. Tengani masikuwo. Koma anthu anga mukawauze ndinu ndi pakamwa panu, ine ndikangoima pambali."

"Ndibwera."

A Tembo anavalanso magalasi aja.

"Ine sindikana. Koma pamalo omanga pali mlonda, kuseri kwa nyumba ya munthu kulibe. Makinawa akasweka kapena akabedwa, chaka chamawa sindidzakhala ndi nkhope yowapemphera kwathu. Mgwirizano wonsewu mwauika pamutu panu, Amayi."

"Ndausenza," anatero Mayi Namate.

Musawaone ngati mngelo mayi ameneyu. Ndi wamakani, amaimba foni nthawi ya chakudya, ndipo alawansi kwa iwo ndi mawu achilendo, ife a komiti timabwerera ndi tiyi yekha m'mimba. Koma potsika phiri tsiku limenelo ndinawaona akupukuta zikhatho pachitenje mobwerezabwereza, kunja kukuzizira chonchija. Mantha anali nawo. Anali ndi maulendo awiri owawa patsogolo pawo, wa ku Machinga, ndi wa kwa banja lija lotsatira pamzere, kukaliuza kuti lidikirebe mpaka chilimwe china. Maulendo onsewo sanatume munthu.

Ine pamenepa ndi pamene ndinaona mgwirizano ndi maso. Timaganiza kuti mgwirizano ndi tsiku lija logwirana chanza pamaso pa wojambula, aliyense atavala jekete. Lachiwiri lija munthu wa ku Machinga anapereka masiku a anthu ake kwa mayi amene sanamuonepo. Munthu wa ku Katete analola chuma chokhacho cha bungwe lake chikagone kuseri kwa mpanda wa bango. Palibe amene anatuluka m'chipindamo akumwetulira, ndipo palibe anajambula. Inu amene mumasaina migwirizano mwezi ndi mwezi, munayamba mwatayapo kanthu kanu chifukwa cha mnzanu wa mgwirizanoyo? Ngati simunatayepo, mukugwirizana pa chiyani?

Sindikunena kuti zithera bwino. Mvula ikhoza kufulumira, a ku Machinga n'kutitukwana, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Makina akhoza kusweka. Sindikudziwa.

Loweruka m'mawa ndinapita ku Chinamwali. Nyumbayo sindinaifunse, phokoso linanditsogolera. Kuseri kwa mpanda wa bango kunkamveka gu, kenako chete, kenako gu, mawu a amayi akuseka chapansipansi monga amachitira pakhomo pamene padakali chisoni. Fumbi lofiira linkakwera pamwamba pa mpanda n'kumayandama padzuwa.

Panjira yolowera panali njinga za kabaza. Anzake a Che Jafali anagwirizana kuti aliyense, asanayambe kunyamula anthu, abweretse thumba la dothi kuchokera ku Mbedza. Ankalitula pachipata, n'kubwerera osasuzumira mkati. Amayi awiri ankatuluka kudzalikoka, wina atavala mpango wa kumzikiti, wina chitenje cha kwaya ya kutchalitchi. Njerwa zikauma njinga zomwezo zidzazitengera ku Mbedza, zochepazochepa pa ulendo. Ndinaziona kale m'mutu mwanga zikukwera chitunda chija mondondozana, nyumba yathunthu ikuyenda pa njinga.

Ine, monga mwamuna, ndinathera pachipata. Eni nyumba anandipatsa benchi pansi pa mtengo wa mango. Mayi Namate anatuluka kamodzi, nkhope yonse dothi, n'kundiuza kuti makinawo akugona m'khitchini mwa eni nyumba, atamangidwa ndi tcheni, ndipo iwo Mayi Namatewo sakugona tulo. Abiti sindinawaone, ndipo mpaka lero nkhope yawo sindikuidziwa. Ndinkangomva amayi akuti, "Kanikizani, Abiti, kanikizani," kenako gu.

Dzuwa litakwera panafika bambo wina wachikulire, wa kofiya yoyera ndi fumbi kumapazi loonetsa kuti wayenda. Anandipatsa moni n'kukhala pabenchi pomwepo. Anali amjomba aja, achokera ku Jali. Anati abwera kudzapangana za tsiku la matola, ndipo kumudzi ayamba kale kukonza kanyumba ka malemu agogo kuti Abiti ndi ana akafikiremo. Sanali munthu wouma mtima. Anali munthu wosenza udindo wake, monga mwambo umafunira.

Anamvetsera phokoso lija, n'kuyang'ana matumba a dothi, n'kundiyang'ana ine. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira kuphiri kuja. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, kaya modabwa kaya mokana, sindinadziwe. Kenako anaimirira n'kupita pachipata. Iwo ngololedwa kulowa, poti ndi amjomba, koma ataona kuti mkati mwadzaza amayi anangoima pomwepo n'kuodira.

Makina anasiya kulira.

"Abiti, ndine amjomba anu."

"Ndakumvani, amjomba. Mwayenda bwanji?" Mawu awo anali otsika, a munthu wopuma mwaphuma.

"Ndayenda bwino. Ndabwera za ulendo uja. Wa galimoto ndapangana naye kale, kumudzi akukudikirani. Tsono izi ndikuzionazi, ndikawauze chiyani anthu?"

Ine ndinapezeka ndagwira m'mphepete mwa benchi ndi manja onse awiri.

"Amjomba, zikomo chifukwa chotikumbukira. Wa galimotoyo mukamuuze asavutike. Ana sasiya sukulu."

"Nanga abale anu?"

"Mukawauze kuti ndikumanga."